Manja a Nangondo

Manja awiri anatsika kuchokera kudenga mwakachetechete, ngati akuopa kudzutsa munthu, n'kutera pa mwendo wamanzere wa aNkhoma. Analibe mwini manjawo. Anali a mphira wofewa, wofunda ngati thupi la munthu, ndipo ankayenda pa kanjanji kachitsulo kozungulira chipinda mpaka kukhonde. M'chaka cha 2088 makinawa ankatchedwa Mthowi, ndipo pachipatala cha mafizo cha kumapiri a Dedza analipo anayi okha.

Mthowi sankabwera ndi nzeru zakezake. Wachibale ankavala magolovesi okhala ndi timawaya tosaoneka, n'kumasisita wodwala wake kwa masiku ambiri, makinawo n'kumaloweza pamene chala chadina, pamene chapuma, ngakhale pamene chazengereza. Kenako ankapitiriza okha, akumvetsera minofu ya wodwalayo monga momwe mwini manja akanaimvetsera.

Manja amene ankathowa aNkhoma anali a akazi awo, aNangondo. Sitiroko itawagwetsa bambowo, mayiwo anavala magolovesi miyezi itatu, m'mawa uliwonse. Anali woumba mbiya, choncho ankayambira kuchidendene, n'kumakanya katumba ndi zala zazikulu pang'onopang'ono, ngati dothi losafuna kufulumizidwa. Mwezi wachinayi mtima wa mayiwo unangoima ali kudambo kokumba dothi. Maliro anatha, anthu anameta, akuchikazi anabwera kudzawasudzula aNkhoma monga mwa mwambo. Palibe anakumbukira kuti manja a malemu atsala kudenga la chipatala.

Amati madzi akatayika sawoleka, koma mkuluyu anali atapeza powolera. Manja aja akangowakhudza, ankatseka maso. Chifunga cha pawindo chinkalowa m'mutu mwawo, bedi linkayandama, ndipo ankapezeka ali pabwalo pakwawo, mbiya zaziwisi zitandandalikidwa pamthunzi, nkhunda zikulira patsindwi, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse. Ankawasowa akazi awo moti mtima unkachita kuwawa, ndipo ola limodzi limeneli ndi lokhalo limene ululuwo unkagona.

Tsono nayi mbali yochititsa manyazi. Chala chachikulu chakuphazi chinali chitayamba kugwedezeka kalekale, bondo nalo linatsatira, koma nkhalamba ya imvi zake inkabisa zonsezi m'bulangete ngati mwana wobisa chipwete chakuba. Lamulo linali lodziwika: woyenda amapita kwawo, ndipo Mthowi wake amafufutidwa kuti aphunzire manja ena.

Tsiku lina Mayi Chikwekwe, dokotala wa mafizo, anakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi.

"Bambo, makina akuti minofu yanu inadzuka."

"Makina amanamanso, mayi."

"Mwina. Koma mwendo wochira ukapanda kuponda pansi umafotanso, ndipo kachiwiriko sudzuka. Mukagona mwezi wina, simudzayendanso ngakhale mutafuna."

ANkhoma anayang'ana kudenga. "Nanga ndikaimirira, mudzawafufuta?"

"Tidzatero, bambo. Sindingakunamizeni."

"Ndiye mwendowu ungofota. Ndauyendera zaka makumi asanu ndi awiri, wakwana."

Mayi Chikwekwe anali ndi mphamvu yozimitsa makinawo tsiku lomwelo, koma mtima unawakanika.

M'mawa mwake kunacha ndi chifunga chokhuthala, mapiri osaoneka. Manja anatsika monga mwa masiku onse, chidendene, katumba, bondo. Atafika pabondo anaima nthawi yaitali, zala zitangogona pakhungu, zikumvetsera. ANkhoma anali atafika kale pabwalo la mbiya lija.

Phaa! Chikhatho chinawamenya pantchafu.

Anatsegula maso. M'dziko lonse munali munthu mmodzi yekha amene ankawamenya chonchi, akawagwira akunamizira litsipa nthawi yopalira. Manjawo anawagwira m'mikono, anawadzutsa mpaka kukhala tsonga, kenako anawasiya, n'kuyamba kuyenda pa kanjanji kaja kulowera kukhomo.

"Mayi a Sekani," anatero aNkhoma, akuitana malemu akazi awo ndi dzina la mwana wawo, "mukupita kuti? Sitinamalizetu."

Manja sanabwerere. Anatuluka pakhomo mosafulumira, ngati munthu wodziwa kuti akutsatidwa.

"Tadikirani, inu."

Simenti inali yozizira kumapazi, koma iwo sanaimve. Ankangoona zikhatho ziwiri zikuyandama m'chifunga. Anadutsa bedi la mnzawo wa pafupi, anadutsa chitseko, mwendo wamanzere ukukwakwaza pang'ono koma ukumvera. Kumapeto kwa khonde, pamene kanjanji kanathera, manjawo anaima atatambasuka. ANkhoma anawagwira onse awiri n'kuwaika kumaso kwawo.

Mayi Chikwekwe anali ataima pakhomo, dzanja lili pakamwa. "Ife sitinawalamule zimenezi," anatero dokotalayo, akunong'oneza namwino wina. "Aloweza ndi mtima womwe wa mayi aja."

Apa m'pamene aNkhoma anayang'ana pansi n'kuona mapazi awo awiri atawanyamula, bedi lili kutali. Anamvetsa zimene zachitika, ndiponso kuti tsopano manjawo afufutidwa. Analira osabisa, misozi ikutsikira pa mphira wofunda uja. Zala zinawafinya kamodzi, mwamphamvu, kenako zinamasuka n'kukwera kudenga.

Akatswiri anaphunzitsa makina kugwira munthu, koma sanadziwe kuti manja amene amakukonda amadziwanso tsiku lokusiya kuti uime wekha.