Mboni Imene Sinafike ku Mutare

Mtembo wa Kefasi Lipenga unapezeka Lachiwiri, 6:40 m'mawa, pakati pa mizere ya tiyi, pafupi ndi pokwerera basi ya ku Chipinge. Amayi othyola tiyi anataya madengu. Mmodzi anayamba nyimbo ya maliro.

Sajeni Letwin Kamwendo, wazaka makumi awiri pa ntchito yofufuza, anagwada. Bala linali kunkhongo. Koma maso anali otsekedwa, miyendo yowongoledwa, chibwano chomangidwa ndi kansalu koyera.

"Wamugwira ndani?"

"Palibe, mayi. Tamupeza chomwechi," anayankha kapitawo wa pa esiteti ya tiyiyo.

Kefasi anali woyang'anira mavoti wa chipani chotsutsa cha Kuwala. Tsiku lomwelo ankakaperekera umboni kukhoti ku Mutare, kumene chipanicho chinkatsutsa zotsatira za chisankho.

Pa 9:15 Letwin anali kuchipatala, pambali pa bedi la Shingirai, mkulu wa chipani chopambana, amene anaopsezapo Kefasi pamsika wa ku lokeshoni ya Gaza, ku Chipinge komweko.

"Kumutukwana ndinamutukwana, inde. Koma ndili pano chiyambire Lamulungu. Ndinamuthamangitsa ndi mwendo wa pulasitalawu?"

Anamwino anavomereza.

Letwin analingalira. Chigawenga chimapha n'kuthawa; sichikonza mtembo. Pa 11:30 anakhala pamphasa ndi Rutendo, mkazi wa malemuyo.

"Pepani, mayi, Mulungu akugwireni dzanja. Kodi mumpingo mwanu amakonza mitembo ya abambo ndani?"

"Achimwene anga, a Aroni. Ndi mkulu wa mpingo, ndiponso wapampando wa Kuwala kuno. Ankakondana ndi alamu awo. Lero lomwe anawaperekeza kubasi."

Pa 2:00 masana Aroni anakhala m'chipinda chofunsira mafunso. Letwin anayala kansalu kaja patebulo.

"Bambo, munasiyana pati?"

"Pa basi."

"Kondakitala akuti sanakuoneni nonse awiri. Mfundo iyi amamanga chonchi ndani pa esiteti ino?"

Aroni anayang'ana nsaluyo. Kenako anayamba kuulula.

"Kwina konse anatibera, mayi, koma mboni zinathawa ndi mantha. Anatsala Kefasi yekha. Tsono pamalo ovotera amene iye ankayang'anira tinagonja mwachilungamo. Ndinangomupempha kuti akanene kuti mapepala anasinthidwa."

"Anakana?"

"Akuti, 'Alamu, ndigwire Baibulo n'kunama? Si inu munandiphunzitsa malamulo khumi m'kalasi?' Akuti woweruza akamufunsa, aulula kuti ndamutuma bodza. Mlandu wonse ukanagwa. Anthu aja anaima padzuwa tsiku lonse kudzavota! Anatembenuka kuti azipita. Mwala unali pomwepo."

Wapolisi wolemba anasiya cholembera, pakamwa pali yasa. Anabatizidwa mumpingo womwewo.

"Nanga nsaluyi?"

"Ndinathawa mpaka kumtsinje. Koma ndinabwerera. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukonza abale athu ofera kuno, kutali ndi kwawo. Ndikanamusiya bwanji maso ali kumwamba, ntchentche zikulowa m'kamwa? Ndi mlamu wanga."

Anagwira kumaso, mapewa akugwedezeka. "Ambuye ndichitireni chifundo."

"Awachitirenso ovota aja. Mlandu wawo mwaupha ndinu," anatero Letwin motsitsa mawu.

Anaimirira, natsegula chitseko pang'ono, n'kutsekanso msanga.

"Mlongo wanu ali pabenchi panjapa. Akudikira kuti mukatsogolere mapemphero kusiwa. Mumuuza nokha, kapena ndimuuze ine?"