Usiku Umene Jubal Pruett Anavomera Dzina Lake

Jubal Pruett ananyamuka pa nyumba ya alendo ya Mayi Hulda Crabb nthawi imene anthu anzeru amakhala akupiringidza zitseko. Sikuti anachedwa mwangozi ayi. Tsiku lonse anabindikira m'chipinda kudikira mdima, chifukwa mumsewu wopita ku Tarlton munali anthu amene akanatha kuikumbukira nkhope yake.

"Bambo Reed, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa Mayi Hulda akupukuta manja. "Mitunda isanu ndi iwiri wapansi, ndi chifuwa chimenecho? Mukutsokomola ngati mbuzi yameza chitsononkho. Gonani, mawa mukwere ngolo ya makalata."

"Pali munthu wofunika ndimuone, mayi."

"Usiku uno? Ndiye kuti ndi mkazi wamwini ameneyo." Anaseka yekha, n'kumuponyera chibenthu cha buledi wachimanga m'thumba la jekete. "Mukakafera panjira musakanene kuti munadya kwa ine."

Reed silinali dzina lake. Analitola ku migodi ya golide ya ku California, ndipo anali atalivala zaka khumi ndi ziwiri.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Jubal ananamiziridwa kuti waba hatchi, ndipo kumalire a Missouri masiku amenewo mlandu wotero unkathera pa nthambi ya mtengo. Amene anamupulumutsa anali loya Asa Kimbro, munthu wamtali wowonda amene ankazungulira makhoti a m'chigawocho pa hatchi yotuwa, mabuku awiri a malamulo ali m'thumba lachikopa. Kimbro anaima m'khoti kuyambira m'mawa mpaka nyali zitayatsidwa, kupanikiza mboni imodzimodzi, mpaka mwini hatchiyo anavomera kuti anaigulitsa yekha ataledzera. Nkhondo ya ku Mexico itabuka, Kimbro yemweyo anakwera pa masitepe a khoti kuitana amuna odzipereka. Alimi, osula zitsulo, mphunzitsi mmodzi, onse pamodzi makumi asanu ndi atatu, anakweza manja kumusankha kukhala kaputeni wawo. Jubal analembetsa wachitatu.

Koma usiku wina, m'chigwa chouma cha ku Mexico, anamuika pa ulonda kuseri kwa mpanda wamiyala, anzake onse ali mtulo. Anamva ziboda za mahatchi mumdima. Anatsamiritsa mfuti pampandapo, n'kuliyatsa liwiro osacheuka. Kuyambira pamenepo sanagwirenso nyuzipepala, ndipo akangomva kuti pamgodi pafika munthu wa ku Missouri, iye ankamanga katundu n'kusamuka. Sanafune kudziwa chimene chinachitika m'mbuyo mwake.

Tsopano dokotala anali atamuuza poyera kuti chisanu chikubwerachi sachimaliza. Jubal anaganiza zoti asanafe akaime pamaso pa Kimbro kwawo ku Tarlton, aulule. Akafuna kumupereka kwa asilikali, amupereke. Msilikali wothawa pa ulonda chilango chake ndi imfa, ndipo imfayo inali kale m'chifuwa mwake.

Mwezi unali kachibenthu chabe. Minda ya chimanga inali itakololedwa, mapesi akulira ndi mphepo. Anadutsa chigayo chakale, anadutsa tchalitchi, anatsikira kumtsinje kumene kunali mlatho wamatabwa wofoleredwa denga, wautali ngati khola la ng'ombe mazana. Mkati mwake munali bii. Kutsogolo kokha n'kumene kunkaoneka kakuwala kotuwa, kochepa ngati zenera.

Analowa. Nsapato zake zinkalira pamatabwa. Gu, gu, gu.

Atafika chapakati anaima kuti atsokomole. Koma kulira kwa nsapato sikunaime.

Gu... gu... gu...

Kunali kutsogolo kwake. Masitepe asanu ndi limodzi, kutembenuka, masitepe asanu ndi limodzi kubwerera. Jubal ankakudziwa kuyenda kumeneko. Umo ndi mmene amayendera mlonda.

Kenaka mawu anamveka, osakweza, ngati munthu akuwerenga papepala.

"Abner Cole."

Zii.

"Nathan Birch."

Awa anali mayina a gulu lawo, mundondomeko yomweyo imene ankaitanira m'mawa uliwonse!

"Caleb Yancey."

Ameneyu anafa ndi matenda a m'mimba asanaone n'komwe mdani, ndipo Jubal mwiniwake anakumba nawo dzenje lake. Komabe pansi pa matabwa china chake chinanong'ona. Chinamveka ngati "ndilipo." Ndi madzi, anadziuza Jubal. Ndi madzi basi akukhula miyala.

Anafuna kubwerera. Koma asanatembenuke, mawu aja anaitananso.

"Jubal Pruett."

Zaka khumi ndi ziwiri palibe munthu anali atatchula dzina limenelo.

"Jubal Pruett," mawu aja anabwereza, moleza mtima.

"Ndi... ndilipo, bwana."

Kuyenda kuja kunaima. Pakuwala kotuwa kuja panatulukira munthu wamtali, wowonda, atavala chijasi chausilikali, mfuti ili paphewa. Nkhope sinkaoneka bwino, koma mapewa opendekeka aja, ndi kaimidwe koika dzanja limodzi kumbuyo ngati akulankhula m'khoti, Jubal sakanalakwitsa.

"A Kaputeni!" Anagwada pamatabwapo. "A Kaputeni, ndine. Ndimabwera kwanu komweko. Ndinathawa, bwana. Ndinamva mahatchi, ndinasiya mfuti, ndinathawa. Chitani nane chimene malamulo anena."

Fungo lachilendo linafika m'mphuno mwa Jubal, fungo la fumbi lotentha ndi wonga wa mfuti, pakati pa mtsinje, mwezi wa chisanu.

"Wachedwa, mnyamata," anatero. "Kumazizira pamalo pako paja."

"Bwana?"

"Mlandu wako ndinauyankhula kale. Usadandaule nawo. Dzuka."

Anamugwira pamkono kumudzutsa. Kuzizira kwa dzanja limenelo kunaboola jekete, kunaboola malaya, kunafika pafupa. Kaputeni akalamba, anaganiza. Nkhondo inawasokoneza mutu. N'chifukwa chake akuyendayenda pamlatho usiku kuitana anthu akufa.

Anayenda limodzi kulowera kotulukira. Jubal ankamva kupuma kwake yekha, kukhwekhwereza m'chifuwa. Kwa mnzakeyo... kunalibe. Mpweya wa Jubal unkafuka ngati utsi ndi chisanu. Pakamwa pa kaputeni, ngakhale pang'ono.

Pathabwa lomaliza kaputeni anaima.

"Tiyeni kunyumba, bwana. Kunja kuno mudwala."

"Mlonda sachoka asanabwere womulandira. Zimenezi ndinakuphunzitsa." Anakweza dzanja kuloza kuphiri kumene kunkaphethira nyali imodzi. "Pita ukamuuze Sajeni Tully akupatse mfuti yako."

Jubal anayang'ana kumene ankalozako. Pocheuka kuti ayankhe...

Mlatho unali wopanda munthu!

Kaputeniyo analibe nthawi yoti n'kubisala, analibe poti n'kudumphira. Ndipo mkati mwa mdima uja, patali, kunayambanso. Gu... gu... gu...

Jubal anathamanga. Anagwa, anadzuka, analavula magazi, anathamanganso. Zitsamba zinamukwapula kumaso. Sanaime mpaka anafika pakhonde la nyumba ya Kimbro, n'kuyamba kumenya chitseko ndi manja onse awiri.

"Ndani ameneyo akufuna kundigwetsera nyumba?"

Chitseko chinatseguka. Panaima nkhalamba ya ndevu zoyera, nyali ili m'dzanja lamanzere, dzanja lamanja la malaya litapindidwa n'kumangidwa ndi phini pachigongono. Anali Enoch Tully, sajeni wa gulu lawo, amene tsopano ankasunga nyumbayo. Anakweza nyali kumuunika mlendoyo kumaso, ndipo nkhope yake inasintha pang'onopang'ono.

"Mulungu wanga... Pruett? Galu iwe! Uli moyo?"

"A Sajeni, tengani nyali, tiyeni kumlatho. A Kaputeni ali kumeneko, sali bwino. Akuzizira ngati mwala, akukana kubwera kunyumba."

"Wamwa chiyani?"

"Sindinamwe! Ndalankhula nawo, andigwira pamkono apa. Anditumiza kwa inu. Akuti mundipatse mfuti yanga."

Tully anaika nyali pansi msanga, ngati ikumuotcha, n'kutsamira chitseko.

"Bwereza."

"Akuti, ukamuuze Tully akupatse mfuti yako."

Nkhalamba ija inalowa m'nyumba, ndipo Jubal anamva ikukoka chinthu cholemera pansi pa bedi. Inabwera itapanira kukhwapa chinthu chachitali chokulungidwa m'bulangete lakale, n'kuchiika patebulo. Pochifunyulula, Jubal anaona mfuti ya dzimbiri. Pathako pake panali zilembo ziwiri zimene iye mwini anazokota ndi mpeni ali m'sitima yapamadzi: J.P.

"Palibe munthu wamoyo amene akudziwa kuti ndili nayo," anatero Tully ndi mawu osasa. "Ngakhale Mayi Kimbro, mpaka anasamukira kwa abale awo ku St. Louis, sindinawauze. Khala pansi, Pruett."

Jubal anakhala.

"Usiku umene unathawa uja, kaputeni ankayendera alonda. Anapeza mfuti yako ili pampanda, iwe kulibe. Akanandidzutsa ine, bwenzi titakusaka, ndipo m'mawa mwake bwenzi titakuombera pamaso pa gulu lonse. Iye ankadziwa zimenezo. Ndiye sanadzutse munthu. Ananyamula mfuti yakoyo n'kuima pamalo pako, kuganiza kuti mantha akakutha ubwerera, palibe adziwe."

"Ndiye... mahatchi aja?"

"Anabweradi. Kaputeni anaomba, tonse tinadzuka, tinawabweza. Ine dzanja linatsala komweko. Koma iye anali yekha kutsogolo. Tinamupeza atatsamira mpanda, mikondo itamulasa pawiri."

"Koma anachira," anatero Jubal. "Anachira, si choncho? Ndawaona ine!"

"Anakhala moyo mpaka dzuwa litatuluka. Anandiitana, akuti, 'Tully, tenga buku ulembe. Pruett sanathawe. Ndamutuma ine, ndipo palibe mboni yotsutsa.' Loya mpaka mpweya womaliza! Ndinalemba, iye anasaina. M'mabuku a boma iwe ulibe mlandu, sunakhalepo nawo. Kenaka akuti, 'Sunga mfuti ya mnyamatayo. Abwera.'" Tully anapukuta maso ndi dzanja lake limodzilo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikulakalaka nditakupeza ndikuphwanye mutu nayo."

Jubal anapinda mkono wa malaya pang'onopang'ono. Pamene kaputeni anamugwira paja panali zipsera zinayi zoyera, ndi chachisanu kuseri, khungu litafa ngati lapsa ndi chisanu. Anautambasulira kunyali kuti Tully aone.

Nkhalamba ija inabwerera m'mbuyo mpaka inagunda khoma.

"Pruett," inanong'ona, "Asa Kimbro tinamukwirira ku Mexico, pansi pa mpanda womwe uja, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Miyala ya pamanda ake ndinasanja ndine."

Mphepo inali italeka. Ndipo kuchokera kutsidya, kumtsinje, mtunda wathunthu kuchokera panyumbapo, kunkamveka bwinobwino ngati kuli pakhonde pomwepo: masitepe asanu ndi limodzi, kutembenuka, masitepe asanu ndi limodzi.

"Akudikirabe," anatero Jubal.

Anaimirira n'kunyamula mfuti ija patebulo.

"Ukupita kuti, wamisala iwe? Pruett! Bwerera!"

Jubal anali atatsika kale pakhonde. Tully anaima pakhomo ndi nyali yake, kumvetsera nsapato za munthu wodwalayo zikutsetsereka kumtsinje. Patapita nthawi anamva mapazi a anthu awiri pamatabwa. Kenaka a munthu mmodzi.

Kutacha, woyendetsa ngolo ya makalata anamupeza Jubal pakati pa mlatho, atatsamira khoma chiimire, mfuti ili paphewa, thupi litauma kale.