Utsi Wokwawa M'nyumba ya Fathiya

Chinayamba kumudabwitsa Fathiya chinali utsi. Iye anaphunzira kusakaniza zofukiza kwa mayi ake ku Nkhotakota asanakwatiwe n'komwe, ndipo anali asanaonepo utsi wa lubani ukukana kukwera. Koma madzulo amenewo, ataponya kambulu ka msakanizo watsopano pa makala a m'phale, utsi unasefukira m'mbali, n'kutsikira pansi, n'kuyamba kukwawa pa simenti kulowera kukhomo la chipinda. Utafika pakhomopo unaima, ngati munthu amene akumvetsera za kunja.

Fathiya ankagulitsa zofukiza mumsika wa pa Boma la Mzimba, pa kabenchi kake pakati pa ogulitsa zitenje. Ankasinja yekha utomoni wa paini wa ku Chikangawa, makoko a ndimu ouma, masamba a mpungabwi ndi lubani wochokera ku Tanzania, n'kuumba timibulu ndi uchi pang'ono. Mitengo yonunkhira ankamubweretsera pa njinga Fanuel Mhone wa ku Manyamula. Ulendo uno Fanuel anabwera ndi zidutswa za mkungudza wouma gwa, wodera kunja, wofiira mkati, wa fungo lolowa mpaka m'mutu. Anati anautola kuphiri.

M'chipindamo munkagona mwamuna wake, a Ishaka, omwe anali telala mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa pamakina osokera chaka chatha, n'kuwaumitsa mbali imodzi ya thupi. Kuyambira pamenepo sanatulutsepo liwu. Fathiya ankawafukizira akamaliza swala ya Magharibi, pemphero la dzuwa litangolowa, chifukwa fungo labwino likadzaza chipinda maso awo ankafewa, ndipo kuyankhulana kumene kunatsala pakati pawo kunali komweko.

Tsiku lotsatira magetsi anazima dzuwa litangolowa, mphepo yozizira ya mwezi wa Juni ikuliza malata. Fathiya anafukizanso. Utsi unakwawa monga dzulo lake. Ali chogwada kukonza makala, anamva munthu akukonza kukhosi pabedi, kenako mawu, ochepa mphamvu, onjenjemera, ngati a mayi wokalamba wopanda mano.

“Chijalo chane chili nkhu?”

Anatembenuza kandulo. Milomo ya a Ishaka inkayenda, mbali yakufa ija pamodzi ndi yamoyo. Maso awo anali otseguka, odzaza misozi, akumuyang'ana iye mopempha.

“Bambo a Mwasiti, mwayankhula?” ananong'ona. “Nenaninso, ndapota.”

Makala atazirala, mawu nawo anatha. Fathiya anakhala m'mphepete mwa bedi atagwira dzanja lawo, osadziwa ngati athokoze Mulungu kapena athawe. A Ishaka anakhala zaka zambiri ku Mzimba koma Chitumbuka chinawakanika. Ankangodziwa yewo basi, zikomo wa kumeneko, ndipo makasitomala ankawaseka nazo.

Mawa lake anaitana mnansi wake, Esme Jere, mayi wa kumpingo amene ankamuthandiza kutembenuza wodwalayo. Esme anakhala pampando pafupi ndi zenera atafunda chitenje mpaka m'khosi. Utsi utafika pakhomo, mawu aja anabwera, ndipo ulendo uno anatalika. Ankadandaula, kupuma, n'kuyambiranso, mpweya ukulira m'mano.

“Akuti chiyani?” Fathiya anafunsa motsitsa mawu.

“Akufunsa chitseko chawo, kuti chili kuti.” Esme anakoka chitenje chake. “Akuti mwandisiya poyera. Akuti dzuwa lalowa, tsekani msanga.”

“Chitseko chiti? Zitseko zathu zonse zilipo.”

“Amama, Chitumbuka ichi n'cha akuluakulu a kumudzi chomene. Awa si amuna anu. Zimitsani motowo.”

Fathiya sanazimitse. Anadikira mpaka kambulu konse katapsa, chifukwa mkati mwa mawu achilendowo nthawi zina munkamveka kachifuwa ka a Ishaka, kamene ankachita akafuna kuyamba nthabwala. Chaka chonse anali atakasowa. Esme anatuluka osatsanzika.

Masiku otsatira anafukizabe, ali yekha. Mumsika munayamba manong'onong'o. Mayi wina amene anagula timibulu tomweto anabweza, nati mwana wake wakhanda amalira kuyang'ana kukhomo utsi ukangoyamba. Ena ankati Fathiya wathira mankhwala oitanira malonda. Ena ankati akufuna kumaliza mwamuna wake. Ndipo a Ishaka anayambadi kufooka. Phala ankalikana, mapazi awo ankazizira ngati mwala wa mumtsinje ngakhale awafunditse mabulangete onse a m'nyumba, ndipo mawu aja akatha ankatsala wefuwefu, thukuta lili m'khosi.

Madzulo ena, mawu ali mkati, anadukiza mwadzidzidzi. Kunja agalu onse a m'deralo anali chete. Fathiya anamva mchenga ukulira pang'onopang'ono kuseri kwa zenera, phazi limodzi, kenako linzake, lolemera, losafulumira. Mapaziwo anazungulira nyumba n'kudzaima pakhonde. Sanagogode. Pabedi, mawu a nkhalamba aja ananong'ona liwu limodzi lokha, ndipo limeneli Fathiya analimva popanda womasulira.

“Wafika.”

Anathira madzi m'phale. Anakhala mumdima atatsamira chitseko cha chipinda mpaka adhana yoitanira swala ya m'bandakucha itamveka ku mzikiti.

Kutacha anakhuthula thumba la mkungudza lija pabwalo, n'kuyang'ana chidutswa chilichonse padzuwa. China chinali ndi mbali yosalala yopalidwa ndi mmisiri. China chinali ndi maenje a misomali, a dzimbiri, ondondozana mmene amakhalira pa hinjesi. Anamangira zonse m'thumba pamodzi ndi timibulu totsala, anapempha Esme kuti akhale ndi wodwala, n'kukwera galimoto ya matola ya ku Manyamula.

Anamupeza Fanuel akukonza tcheni cha njinga kuseri kwa golosale. Ataona thumbalo anapukuta manja pa buluku nthawi yaitali.

“Adada, phiri lanu lija lili ndi misomali?” Fathiya anafunsa.

“Amama, chinali chitseko, koma nyumbayo inali yongogwa. Mwini wake, azakhali anga anyaMhone, anamwalira dzinja lathali. Chitsekocho chinali cha kalekale, cha nthawi ya amishoni. Ndinati chiswe chingadye, mbwenu ndinachizula.”

Anamutengera kumeneko, kupyola minda ya chimanga chouma. Nyumbayo inali ya njerwa zosawotcha, denga litaterera mbali imodzi, khomo lili yasa. Kumbali zonse ziwiri za mphuthu kunali zitsulo zokhuthala zopingira mtanda, zambiri kuposa zimene nyumba ya nkhalamba yosauka ingafune. Mayi wina amene ankasenza nkhuni anaima patali kuwayang'ana, ndipo Fanuel atapita kukafuna mmisiri woti aike chitseko china, mayiyo anasendera.

“Anali munthu wabwino, koma dzuwa silinkawalowera ali panja,” mayiyo anatero m'Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka. “Kuyambira ali mtsikana. Ankati pali munthu amaima pakhomo pawo usiku, kudikira kuti aiwale kupinga. Ena amati ndi mwamuna amene anamukana, amene anakafera ku migodi ku Joni. Ife sitinamuonepo. Koma chichotsereni chitsekocho, ana sadutsanso njira ino.”

Mmisiri anabwera ndi chitseko cha paini chimene anapangira munthu wina. Fathiya anachigula osanenerera. Anaika thumba la mkungudza mkati mwa nyumba, pakona pamene panali mphasa yowola, ndipo mmisiri atakhoma hinjesi anapinga chitsekocho ndi mtanda, n'kutulukira pazenera. Fathiya anapemphera dua yake chamumtima, Fanuel anavula chipewa, ndipo palibe amene anayang'ana m'mbuyo pochoka.

Anafika pa Boma dzuwa lili pafupi kulowa. Esme anamuchingamira pakhonde, nkhope ikuwala.

“Amwa phala lonse, amama. Mapazi afunda.”

Madzulo amenewo Fathiya sanayatse makala. Anaswali, anatseka mazenera, n'kukhala pafupi ndi mwamuna wake kandulo ili pa kampando. Mphepo inali italeka. Patapita nthawi anamva kachifuwa kaja, ndipo pambuyo pake mawu, olemera, okokeka mbali imodzi, koma a Ishaka enieni.

“Mayi a Mwasiti.”

Fathiya anagwira pakamwa. Misozi inatsikira pa zala zake.

“Ndili pano, bambo. Ndili pano.”

“Agogo aja apita.” Liwu lililonse linkatuluka movutikira. “Ankakhala apa, kumiyendo kwanga. Anyamuka masana. Akuti yewo.”

“Apite mu mtendere. Zatha tsopano, pumulani.”

A Ishaka anapukusa mutu pang'ono pa pilo. Maso awo sanali pa iye. Anali pa khomo la chipinda, limene Fathiya analisiya lotsegula kuti mpweya uzilowa, ndipo kuseri kwake kunali mdima wa pabalaza.

“Iwo apita okha,” ananong'ona. “Uja ankawadikira panja sanawaone akutuluka.”

Fathiya sanatembenuke. Anaona lawi la kandulo likuwerama ngati wina wapumira pafupi nalo, ndipo anayamba kukumbukira pang'onopang'ono mmene analowera m'nyumba madzulowo, Esme akumuuza za phala, iye akuthamangira kuchipinda ndi chimwemwe.

“Mayi a Mwasiti,” a Ishaka anafunsa, zala zawo zamoyo zikufinya dzanja lake, “chitseko cha kubwalo munapinga?”

Pabalaza, simenti inalira pansi pa phazi lolemera.