Mchere m'Makina a Asisitere

Dzuwa likulowa, mayi Hilda anali pampopi kuseri kwa nyumba ya alendo ya pamishoni ina patsinde pa phiri la Michesi, akukwecha mapoto ndi phulusa monga ankachitira kwa zaka khumi ndi zinayi. M'khitchini munali zii. Makina otsukira mbale, amene asisitere analandira kuchokera kunja m'chaka cha 2003, anali atafa atangogwira ntchito masabata atatu.

Ndipo sanafe mwaulemu ayi. Ankayaka okha, timagetsi take tikuphethira ngati maso a mphaka. Ankalira ngati munthu wotsamwa. Tsiku lomaliza anatulutsa fungo la tsitsi lopserera, ndipo sabata yomweyo mbuzi ziwiri za mlonda zinafa zitatupa mimba. Nanga pakamwa pa anthu pali chitseko? Mudzi wonse unaloza chala mayi Hilda, wamasiye, poti makinawo akanawalanda ntchito.

Thomson Sitima, wokonza zamagetsi wa kuboma, anafika pa njinga madzulo omwewo, n'kupeza anthu ataunjikana pakhomo, ena miyala ili m'manja. Iye za ufiti sankatsutsa, koma ankakonda kuyamba wayang'ana fyuzi.

Wophika, a Kaliati, anamunong'oneza: "Achimwene, musagwire ndi manja. Muli zinthu umo."

"Zinthu zanji?"

"Kafunseni ali pampopiwo."

Fyuzi inali yabwinobwino. Mawaya sanadyedwe ndi makoswe. Magetsi a pakhoma anali pamlingo wake. Apa Thomson mantha anayamba kumugwira. Anamasula chitseko cha makinawo, natulutsa kabolodi kobiriwira kamene kamalamulira zonse. Mbali imodzi kanali bii, timiyendo take titadyeka, pamwamba patamatirira zinthu zoyera mbee. Ufa wa mafupa kodi? Anakanda ndi chikhadabo, ananunkhiza, kenako anatsinzina n'kulawa.

"Mchere uwu! Wathira mchere muno ndani?"

A Kaliati anazolika.

"Ndine. Asisitere ananena okha kuti makinawa amafuna mchere. Ndinati ehe, ngakhale azungu akudziwa kuti afiti amaopa mchere. Ndiye m'mawa uliwonse ndimasungunula m'kapu, n'kuthira m'mipata ya mabatani. Kutchinjiriza basi."

"Bambo inu! Mcherewo uli ndi kabowo kake pansi apo, ndi wofewetsera madzi. Madzi a mchere pa magetsi ndi moto. Makinawa mwapha ndinu."

Mtima wa Thomson unayera. Anatuluka atakweza kabolodi kaja m'mwamba, nafotokoza zonse mmene zinayendera, n'kumaliza ndi mawu akuti mayi Hilda alibe mlandu.

Anthu anayang'anana. Mlonda uja, mwini mbuzi, anatsokomola.

"Mukuti mchere utangokhudza pamenepo, panayaka?"

"Eya."

"Ife timathira mchere m'ndiwo tsiku ndi tsiku, siziyaka. Mchere umayaka ukapeza ufiti."

"Eeetu!" linavomera khamu lonse.

Thomson anakuwa, anafotokozanso, koma mawu ake anamira m'phokoso. Umboni umene ananyamula yekha ndi umene unawamaliza mayiwo. Mayi Hilda sanalire. Anatsukuluza poto womaliza, anamuvundikira pathandala, nalowera njira ya kunyanja ya Chilwa ndi chitenje chomwe anavalacho, miyala ikugwa m'mbuyo mwawo.

Thomson anabwerera m'khitchini kukatola zida zake. Kabolodi kanali m'thumba la malaya ake. Pulagi inali gone pasimenti, pomwe anaizulira.

Akutseka chikwama, m'mimba mwa makina muja munamveka kulira kuja, kwa munthu wotsamwa. Kagetsi kamodzi kanaphethira.

A Kaliati anagwira kapu ya mchere.

"Achimwene, mayi aja tawathamangitsa. Nanga uyu ndani?"