Nambala ya Mkati mwa Kolala

Anakumana pa makina achisanu ndi chiwiri, tsiku lomwe mtsikanayo anayamba ntchito m'fakitale yosoka malaya. Ulusi unali utaduka kachitatu, m'manja muli thukuta lokhalokha.

"Makinawa ndi ansanje," anatero mnyamata wa tepi yoyezera m'khosi. "Akaona wokongola amadula ulusi."

"Ndinu amakaniki?"

"Ayi, ndine woyendera. Malaya onse amadutsa m'maso mwangamu."

Azimayi a m'fakitalemo ankamutchula kuti Maso. Nayenso mtsikanayo anapatsidwa dzina loti Kaliwiro, poti phazi lake silinkachoka pa chopondera.

Ntchito inkayenda motere. Wosoka akamaliza malaya, ankalemba nambala ya makina ake pa kansalu ka mkati mwa kolala. Maso ankayendera. Abwino ankapita kositidwa, olakwika ankalowa m'dengu lofiira. Nambala ikachuluka m'dengumo, mwini wake ankalandira kalata yochenjeza. Makalata akakwana atatu, ntchito yatha.

Panalinso lamulo lina, lomatidwa pakhomo: woyendera asakhale pachibwenzi ndi wosoka. Koma mtima umawerenga za pakhomo?

Mauthenga a pafoni anayamba pa nthawi ya nkhomaliro.

"Wadya, duwa langa? Usandiyang'ane, akapitawo ali kumbuyo kwako."

"Inunso musandisekerere. Mundichotsetsa ntchito!"

"Ine ndili pano, dengu lofiira silidzakudziwa. Chaka chikamatha ndikaonekera kwa amalume ako. Ndalumbira."

Kaliwiro ankawerenga foni ili pansi pa mulu wa nsalu. Miyezi inayi inatha osalandira kalata ngakhale imodzi. Ankangoti manja ake ndi odala.

Moyang'anana naye, pa makina a nambala 17, pankakhala Amayi a Mapasa. Anali atasoka pamenepo zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndi omwe anamuphunzitsa kulowetsa bobini.

"Mwana wanga, chepetsa phazi," ankatero. "Kolala si msewu."

Koma makalata ankapita kwa iwo. Yoyamba anaiseka. Yachiwiri anakagula magalasi.

"Kapena maso andithera," anatero, akupukuta magalasiwo ndi epuloni. "Mapasa anga ali chaka chomaliza kusekondale. Ndingowafikitsa, basi."

Lachisanu masana akapitawo anaima pakati pa mizere.

"Seventini, ku ofesi! Iwe Kaliwiro, nyamula denguli uwatsatire."

Makina onse anakhala chete. Amayi a Mapasa anavula epuloni, naipinda bwinobwino, nanyamuka osayang'ana munthu.

Pamasitepe malaya amodzi anagwa. Kaliwiro anawatola. Kolala inali yokhota, msoko utathawira kumanzere. Anatembenuza kansalu: 17.

Anayang'anitsitsa. Seveniyo anali ndi kamzere kodutsa pakati. M'fakitale yonse, wolemba seveni wa kamzere anali Kaliwiro yekha. Wani wa kutsogoloyo anali wa inki ina, yakuda kwambiri.

Anatula dengu. Malaya achiwiri, chimodzimodzi. Achitatu, achinayi, onse!

"Duwa langa, ukutani apa?"

Anali Maso, akukwera masitepe ndi fayilo m'khwapa.

"Wani uyu analemba ndani?"

Maso anayang'ana m'mwamba, nayang'ana pansi. "Tsitsa mawu."

"Ndafunsa, analemba ndani?"

"Ndimakuteteza! Ukanachotsedwa mwezi wachiwiri womwe. Umathamanga kwambiri, wokondedwa."

"Bwanji osandiuza?"

"Ukanalira. Sindifuna kuona misozi yako."

"Nanga ya amayi aja?"

"Aja akalamba, atsala pang'ono kupuma kale. Ife moyo tikuuyamba kumene." Anamugwira dzanja. "Tamvera. Ukatsegula pakamwa, tonse awiri tapita. Ukwati tidzaumanga ndi chiyani? Ingotula denguli, utuluke. Mphindi ziwiri zokha, mtima wanga."

Dzanja lake linali lofunda monga masiku onse. Chimenecho ndicho chinamupweteka kwambiri. Kodi munthu angakukonde moona, n'kumaponda mnzako kuti iwe uime?

Analowa mu ofesi. Abwana anali atasainira kale kalata yachitatu ya Amayi a Mapasa. Amayiwo anakhala kumapeto kwa mpando, manja ali pamaondo. Maso anaima pafupi ndi chitseko.

"Tula apo, uzipita," anatero abwana.

Kaliwiro anatula dengu. Anatembenuka. Chitseko chinali pomwepo, chotsegula.

"Mwana wanga," anatero Amayi a Mapasa motsitsa, "sizasi yanga ili m'dirowa. Uitenge, ndi yakuthwa kuposa yako."

Kaliwiro anabwerera patebulo.

"Bwana, malayawa ndi anga."

"Wati chiyani?"

"Ndinasoka ndine. Onani seveniyo. Amayiwa salemba choncho."

Abwana anatembenuza kolala imodzi, kenako ina. Anatenga cholembera cha m'thumba la Maso, nalemba wani pa pepala, nayerekeza. Kenako anayang'ana Kaliwiro.

"N'chifukwa chiyani woyendera wanga angachitire zimenezi wosoka wa miyezi inayi?"

Maso anamuyang'ana Kaliwiro, akupukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ndi chibwenzi changa, bwana."

"Akunama!" anakuwa Maso. "Mtsikanayu ndi amene amandikakamira! Anandipempha yekha kuti ndizimubisira. Ine ndi iye palibe chilichonse!"

Kaliwiro sanalire. Anatulutsa foni, natsegula mauthenga, naiika patebulo. Abwana anawerenga mpaka pa mawu oti "Ndalumbira", nabweza foniyo.

Anang'amba kalata ya Amayi a Mapasa, nalemba zina ziwiri. Lamulo linali la onse awiri.

Pageti, Kaliwiro anapereka epuloni kwa alonda. Amayi a Mapasa anamutsatira mpaka pamenepo.

"Unkadziwa?"

"Ayi, amayi."

"Ndinagula magalasi, mwana iwe. Ndinkadzuka m'mawa n'kumayesa kulowetsa ulusi pa singano, kuopa kuti ndikuchita khungu."

"Pepani."

Amayiwo anamukonzera tsitsi lomwe linagwera pamphumi. Kenako anabwerera ku makina awo.

Pa siteji ya basi foni inalira.

"Duwa langa, ndinachita mantha. Zonse zija ndinachitira iwe. Tikumane tikambirane."

Maso anali ataima tsidya la msewu, foni ili m'manja, akudikira. Basi inafika. Kaliwiro anakwera, nakhala mbali yomwe zenera lake silinkayang'ana kumeneko.