Pampu Yolira M'bandakucha

Telala anayamba kumva phokosolo usiku wachiwiri chikonzetsereni galimoto yake. Linali laling'ono, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo linkatha munthu asanawerenge kufika khumi. Anagona chagada n'kumvetsera. Phokosolo ankalidziwa: inali pampu ya mafuta a giya. Koma galimoto inali pabwalo, geti lili chitsekere, makiyi ali m'thumba la jekete kuseri kwa chitseko, ndipo m'nyumbamo munalibe wina koma iye yekha.

Galimotoyo anaigula chifukwa cha bondo lake lamanzere, limene linauma kalekale. Inalibe kilatchi, magiya inkasintha yokha. Pampu ija itafa, galimoto inaima miyezi inayi pansi pa mtengo, masamba akuunjikana pagalasi. Miyezi yomweyo mkazi wake anali gone m'chipatala chakutali, ulendo wa maola atatu. Makaniko anazungulira m'masitolo onse a sipeya, ndipo kulikonse ankamuuza kuti zoterozo zinasiya kubwera. Imodzi imene anaitanitsa inafika mabowo ake osagwirizana ndi mabawuti. Pomaliza anakaipeza kwa ophwasula magalimoto, n'kuimanga tsiku lomwelo.

Sabata imeneyo madokotala anali atanena kuti achita zonse zimene akanatha, wodwala akapumire kwawo. Mkaziyo anapempha chinthu chimodzi chokha. "Musandikweze minibasi, bambo. Mudzanditenge pa galimoto yathu." Anagwirizana za Loweruka.

Kutacha, telala anapita kugalaja.

"Madala, pampu imeneyo silira chisawawa," anatero makaniko akupukuta manja. "Imalira mukatsegula chitseko cha dalaivala, kuti mafuta akwere musanalize injini. Akakwera, imakhala chete. Kapena mwayamba kuyenda kutulo?"

"Ndi bondo ili? Mudzi wonse ukanandimva."

Makaniko anaseka, koma madzulo anabwera. Anatsata mawaya, anatsegula ndi kutseka chitseko kangapo, osapeza vuto. Anati mwina ndi kuzizira kwa usiku. Ponena zimenezo ankayang'ana matayala.

Usiku wachitatu telala anaika wotchi pafupi ndi pilo. Mphepo inali italeka, agalu a kwa aneba ali zii, moti ankamva malata akuthetheka pamene ankazizira. Phokoso lija linabwera wotchi ikuti folo koloko ndendende. Anakwawira pazenera n'kukankha katani pang'ono. Mdima unali bii, galimoto ikungooneka ngati mulu wakuda pansi pa mtengo. Kanyali ka m'kati, kamene kamayaka chitseko chikatsegulidwa, sikanayake.

Lachinayi kunabwera mlamu wake, mng'ono wa mkazi uja, kudzakonza chipinda cha wodwala. Anabweranso ndi nkhani imene anaitola kumsika: galimoto imene anachotsamo pampuyo inali yangozi. Mphekesera zinali zitanenepa kale monga mwa nthawi zonse, ena akuti munafa anthu atatu, ena akuti asanu. Atamupanikiza, makaniko anavomera mmodzi yekha, mwini galimotoyo, amene anawombana ndi lole m'mawa wina akupita kuntchito.

"Alamu," anatero mlamuyo motsitsa mawu ngakhale munalibe wowamvera, "chitsulo cha wakufa mukanyamulirepo wodwala? Chotsani chimenecho."

"Ndikachotsa, akulu anu abwera pa chiyani? Muwabereka?"

"Mufune ina."

"Iyi yatitengera miyezi inayi. Iwowo ali nayo miyezi inayi?"

Mlamuyo anangopitiriza kuyala bedi. Dzuwa lisanalowe anatsanzika, ngakhale poyamba ananena kuti agona.

Usiku wa Lachisanu telala sanapite kukagona. Anazimitsa magetsi n'kukhala pampando wake wosokera, pakati pa makina ndi zovala za eni ake zopachikidwa pakhoma, zimene mumdimamo zinkaoneka ngati anthu oima pamzere. Tochi inali pamiyendo. Anamva magalimoto akumsewu akuchepa mpaka kutheratu. Anamva mpopi wa kukhitchini ukudontha, dontho limodzi, kachetechete wautali, kenako lina. Patapita nthawi yaitali anamva mapazi kunja kwa mpanda, opepuka, osathamanga. Mapaziwo anafika pageti n'kuima. Geti silinagwedezeke.

Telala anatuluka akukoka mwendo, n'kuwalitsa tochi pakati pa zitsulo za geti. Pamwala wa m'mbali mwa njira panali patakhala mayi wachitsikana, atafunda nsalu kumutu, manja ali pamaondo. Sanathawe. Anangophimba maso.

"Ndinu ndani, mayi?" ananong'ona telala.

"Pepani bambo, si ine wakuba." Naye ankanong'ona. "Galimoto imene anachotsamo pampu yanuyi inali ya amuna anga. Ophwasula aja ndi amene anandilozera kuno."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Kungomva basi. Ankanyamuka folo koloko, ine ndili m'bulangete. Ndikamva kaphokoso kaja ndinkadziwa kuti alowa m'galimoto, ndiye ndinkagonanso. Chimwalirireni iwo, ikakwana nthawi imeneyi tulo timandithawa."

Telala anamva mapewa ake akumasuka. Anatsala pang'ono kuseka. "Ndiye mumalowera pati? Mpanda wonsewu mumadumpha? Ndipo chitseko cha galimoto mumatsegula ndi chiyani?"

Mayiyo anamuyang'ana modabwa. "Ine sindinalowepo, bambo. Ndimakhala pompano. Ndimayesa mumatsegula ndinu."

Kumbuyo kwa telala, pansi pa mtengo, pampu inayamba kulira. Anatembenuza tochi. Zitseko zonse zinali zotseka, magalasi ali ndi mame, mpando wa dalaivala uli wopanda munthu. Phokosolo linapitirira pang'ono, kenako linaleka.

"Anyamuka," anatero mayiyo. Anaimirira, anakonza nsalu yake, n'kubwerera njira imene anadzera.

Telala anakhala pakhonde mpaka kunja kunayera. Anaganiza zoimbira makaniko, ndipo foni anaigwira ndithu, chala chili pa nambala. Kenako anakumbukira kuti kuchipatala kuja munthu wina wadzuka kale, wapempha anamwino amupese tsitsi, akuyang'ana kukhomo. Anabweza foni m'thumba.

Analowa m'nyumba, anatenga mapilo awiri ndi bulangete, n'kuziyala pampando wakumbuyo. Anatsegula geti. Atafika pachitseko cha dalaivala anaima kaye, kenako anachikoka. Pampu sinalire. Mafuta anali atakwera kale.

Anakhala pansi, n'kukweza mwendo wouma uja ndi manja onse awiri monga ankachitira masiku onse. Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Asanaponde moto anatsokomola pang'ono, maso ali kutsogolo.

"Achimwene," anatero, "kaya mulipo kaya mulibe, lero tikukatenga wodwala. Tiyende pang'onopang'ono."

Giya inalowa yokha, ndipo galimoto inatuluka pageti.