Makiyi a Alamu

Fraser anakumana ndi Ailsa pa siteji ya basi mumzinda wa Aberdeen, mvula ikuwaza cham'mbali monga mwa masiku onse. Mnyamatayo analibe ambulera, nsapato zake zitakhuta madzi. Mtsikanayo anangomuyang'ana n'kuphulika nako kuseka.

"Bwerani mubisale kuno achimwene, mukuoneka ngati nkhuku yogwera m'chitsime!"

Zinayamba choncho. Pasanathe mwezi, mafoni awo sankapumanso.

"Wadzuka bwanji duwa langa?"

"Ndadzuka bwino, nkhuku yanga yonyowa."

Ailsa ankasamalira okalamba m'makomo mwawo. Atalephera mayeso oyendetsa galimoto katatu konse, kachinayi anakhoza, ndipo kuntchito anamupatsa kagalimoto koti azifikira agogo a m'midzi yakutali. Fraser, yemwe ankalongedza nsomba ku fakitale ya kudoko, anamuombera m'manja, koma mumtima manyazi ankamudya. Mkazi pa chiwongolero, iye akadali wothamangira basi?

Ndiye a Murdo, alamu ake a Fraser, popita kukagwira ntchito ya mafuta pakati pa nyanja, anamusiyira makiyi a galimoto yawo yofiira.

"Uziiliza kamodzi pa sabata kuti batire lisafe. Koma pamsewu ayi, wamva? Inshuwalansi ili m'dzina langa lokha."

"Musadandaule alamu."

Lamlungu m'mawa Ailsa analandira uthenga: "Tuluka panja wachikondi, udzaone zimene ndagula!"

Anatuluka akuthamanga, anaizungulira galimotoyo kawiri, kenaka n'kuima.

"Nanga inshuwalansi? Ukudziwa kuti siyenda popanda."

"Ndakonza kale zonse."

"Zoona?"

"Ndingakunamize iwe? Ndalembetsaponso dzina lako. Changa n'chako, mtima wanga."

Mawu otsirizawo anangotuluka okha, Fraser sanawakonzekere. Koma ataona mmene maso a Ailsa anawalira, kubweza kunamukanika. Anamuponyera makiyi. M'thumba la jekete lake munali mphete, ndipo anali atakonza zokagwada n'kumufunsira ukwati ku tauni ya Stonehaven, akatha kudya nsomba ndi tchipisi.

Sanafikeko. Atangotuluka m'tauni, nyali za buluu zinayamba kuthwanima kumbuyo kwawo. Wapolisi wamkazi anawerama pa windo mwaulemu.

"Musaope mayi, nyali yanu ya mabuleki yafa mbali imodzi. Ndingaone laisensi?"

Ailsa anaipereka monyadira, ikadali yonyezimira. Wapolisiyo anapita kukafunsa pa wailesi yake. Fraser thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira.

"Galimotoyi ndi ya ndani?"

"Ndi ya chibwenzi changachi. Wangogula kumene, ndipo ine ndili pa inshuwalansi yake."

"Kuno kukuoneka dzina limodzi lokha. Murdo Strachan."

Ailsa anatembenuka pang'onopang'ono.

"Murdo? Si amuna a achemwali ako amenewo? Fraser, auze kuti makina awo alakwitsa."

Fraser anangoti maso pa mawondo.

"Fraser, ndikulankhula ndi iwe!"

"Ndi ya alamu," ananong'ona.

Wapolisiyo anapumira m'mwamba, chifundo chikuoneka pankhope pake.

"Pepani mayi. Mlandu woyendetsa popanda inshuwalansi umagwera amene ali pa chiwongolero, ndipo chilango chake ndi mapointi asanu ndi limodzi pa laisensi. Poti laisensi yanu sinakwane zaka ziwiri, ikhoza kulandidwa. Zikatero mudzayambiranso mayeso. Inunso bambo muli ndi wanu mlandu."

Ailsa sanalire, sanakuwe. Anatuluka, n'kukaima patali m'mphepete mwa msewu mpaka galimoto yokoka inabwera kudzanyamula ya a Murdo. Kenaka anaimbira mchemwali wake kuti adzamutenge. Mphete inabwerera kunyumba ili m'thumba.

Akulu anati nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Ya Fraser inavula ndi wina yemwe.

A Murdo atamva anamutukwana pa foni, koma zimenezo sizinamupweteke kwambiri. Chimene chinkamuwawa ndi mauthenga ake osayankhidwa. "Duwa langa, ndikhululukire." "Ndinkangofuna kuti uzindinyadira." Yankho linabwera limodzi lokha, patatha masabata asanu ndi awiri: "Laisensi yapita. Kagalimoto andilanda. Agogo Elspeth, amene ndinkawasamalira kumudzi wa Fyvie, akuwasambitsa ndi mlendo, akuti amangolira."

Fraser anauwerenga uthengawo m'chimbudzi cha kuntchito, chitseko atakhoma, kuti anzake asamuone nkhope.

Lolemba lina anamupeza Ailsa pa siteji yomwe ija, atavala yunifolomu yake yabuluu, buku la malamulo a pamsewu lili m'manja. Mvula inali ikuwaza. Anafuna kubwerera, koma Ailsa anali atamuona kale.

"Ailsa... ndilibe mawu."

"Iwe kusowa mawu? Zachilendo."

"Ndinkachita manyazi. Iwe ndi galimoto, ine ndi fungo la nsomba ndi tikiti ya basi."

Ailsa anamuyang'ana, misozi ikulengeza m'maso.

"Ndinakupeza pompano Fraser, uli chonyowa, wopanda ngakhale ambulera. Ndinakufunsapo za galimoto ine?"

Basi inafika, chitseko chinatseguka. Ailsa anapinda ambulera yake, anakwera, n'kukakhala mbali ina yosayang'ana ku siteji.

Inali basi yake nayenso, koma Fraser sanakwere. Anaima pamvula kudikira yotsatira.